Chidendene cha Nsapato ya Kumanzere

Wosoka nsapato ndiye anandiululira. Ine ndi sukulu yanga yonse, ndi zaka khumi ndi zisanu zojambula mafupa a anthu m'chipinda cha ekisire, nkhani ya mwendo wa bambo anga ndinakaimvera kwa munthu wokhala pa chitini cha penti pakhonde la sitolo. Linali Loweruka m'mawa, ndili pa ulendo wa kwa makolo anga, ndipo ndinangoima kuti andisokere lamba wa chikwama. Iye anachitembenuza chikwamacho uku ndi uku, kenaka anafunsa osadzutsa n'komwe mutu.

"Achitsulo ali bwanji? Nsapato ija ikuwakhala?"

Achitsulo ndi bambo anga. Dzinali anawapatsa ndi anzawo a mumsewu mwathu zaka zisanu ndi chimodzi zapitazo, madokotala atachotsa mutu wa fupa la ntchafu umene unali utadyeka n'kuikamo wachitsulo, wokhala ndi mchira wautali wolowa m'kati mwa fupa. Eni akewo amalikonda kuposa dzina lawo lenileni.

"Nsapato iti?" ndinafunsa.

"Ya kumanzere. Ndawonjezera chidendene kachitatu tsopano. Akuti mwendo ukunka nufupika. Ndinawauza kuti bambo, mukadzabweranso ndidzangokukhomerani njerwa."

Anaseka yekha. Ine ndinamupempha kuti andionetse labala amene amawonjezerayo, ndipo anatola kachidutswa ka tayala pansi n'kundipatsa. Ndinakapanira pakati pa zala ziwiri ndikuwerengera mumtima: kameneka, katatu. Mwendo wa munthu wamkulu sufupika wokha ayi. Mwendo wachitsulo ukayamba kufupika ndiye kuti chitsulocho chamasuka ndipo chikumira m'fupa, ngati mzati wozika m'dothi lonyowa. Ndinalanda chikwama changa chisanasokedwe n'kuchipanira kukhwapa, wosoka nsapato akundiitana m'mbuyo, ndipo ndinayenda mofulumira mpaka kupitirira njira yokhotera kwathu ngati mlendo.

Chomwe chinkandithamangitsa ndi amayi. Zaka zitatu zapitazo anagwa ndi sitiroko. Mbali yonse ya kumanja inafa, ndipo mawu amene anatsala nawo ndi awiri okha, "eya" ndi "ayi", amenenso amatuluka mwa apo ndi apo. Chitulukireni m'chipatala, wowanyamula ndi bambo. Kuchoka pabedi kupita pampando wa pawindo, kuchoka pampando kubwerera pabedi, kubafa, kuchimbudzi, kasanu ndi kamodzi patsiku, mwinanso kupitirira. Azimayi awiri amene ndinawapeza kuti azithandiza anawathamangitsa sabata isanathe. Woyamba akuti anali ndi manja ozizira, wachiwiri ankaimba kwambiri. "Ndinawakwatira ndine amayi akowa," ankatero, "sanakwatiwe ndi msewu wonse." Ine ntchito yanga inali yobwera Loweruka ndi sopo, kuchapa, kukalipa pang'ono, n'kubwerera kwanga. Ndinene chilungamo, amayi anga ndinali ndisanawanyamulepo ngakhale kamodzi.

Nsapatozo ndinazipeza pakhomo, zitaikidwa bwinobwino moyandikana. Ya kumanzere inali yotalika ngati ya mtsikana wopita kudansi. Ndinalowa nayo m'manja osaodira. Tsiku limenelo ndinali nditalawirira, ndiye ndinawadzidzimutsa: bambo anali kukhitchini ndi masokosi okha, ketulo m'manja, akuyenda chopendekera, phewa limodzi likugwa nthawi iliyonse akaponda. Ndinadzida ndekha. Loweruka lililonse ankandilandira atavala nsapato zopolisha m'nyumba momwe, ine n'kumati ndi ukhondo wa kalaliki wakale.

"Ichi n'chiyani, bambo?"

"Nsapato. Kusukulu kuja sanakuphunzitseni?"

"Mwendo wayamba liti kupweteka?"

"Ndani wanena kuti ukupweteka? Wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko. Ine chitseko sindinatsekule, nanga iwe ukuthamangiranji?"

Ndinatsekula kabati kufuna makapu, basi kuti manja anga apeze chochita, ndipo kuseri kwa chitini cha shuga ndinapeza mapaketi a mapilisi opha ululu, ambiri opanda kanthu, atasanjidwa ngati makadi. Za mapilisiwo sitinakambirane. Ndinangowauza kuti Lolemba 9 koloko ndikuwafuna pa tebulo langa la ekisire, ndipo akapanda kubwera ndidzawatumizira ambulansi ikulira kuti msewu wonse utuluke kudzaonerera. Kenaka ndinakweza matiresi a m'chipinda chosagonamo anthu n'kutenga maenvelopu a zithunzi zawo zakale, amene amawasunga pamenepo kuti asapindike. Amayi ndinawapatsa moni ndili chiimire. Tiyi sindinamwe.

Lamulungu lonse sindinakhale pansi. Ndinachapa makatani osada, ndinapsereza mpunga, ndinasesa pakhomo kawiri. Maenvelopu anali patebulo, ine n'kumangowazungulira ngati ali ndi mano. Lolemba ndinafika kuntchito okolopa asanamalize, ndinayatsa bokosi lowala la pakhoma limene tinalisiya kalekale titalandira makompyuta, n'kupachikapo zithunzizo motsatana, kuyambira choyamba mpaka chomaliza.

Zonsezo ndinajambula ndine. Bambo ankabwera kamodzi pachaka monga anawalamulira, ndipo ankakana kuti wina aliyense awajambule. "Ndili ndi mwana wanga muno," ankatero pabenchi, mokweza, ine n'kumanyadira. Koma chithunzi cha chiuno chili ndi kajambulidwe kake. Wodwala amavula buluku n'kuvala mwinjiro wa chipatala, amagona chagada, iwe n'kupapasa ndi zala fupa la m'chiuno kuti upeze pakati penipeni. Ukatero umagwira phazi n'kulipotozera m'kati mpaka zala zazikulu ziyang'anane, n'kulitsamiza ndi timatumba ta mchenga. Ndachita zimenezi kwa anthu osawerengeka, mabwana ndi akaidi omwe, osaphethira. Koma ndani amavula bambo ake buluku n'kumawapapasa m'chiuno? Ndinkawasiya agone mmene afunira, buluku lili m'thupi, atangochotsa lamba, phazi litagwera kunja kumene silipweteka. Ndinkaima poteropo ngati mpongozi, n'kunena kuti "musagwedezeke", basi ndajambula.

Phazi likagwera kunja fupa limatembenuka, ndipo zina zimabisala kuseri kwa chitsulo. Chaka chilichonse dokotala ankayerekeza chithunzi chatsopano ndi cha chaka chapitacho, n'kupeza kusiyana kwa milimita imodzi kapena awiri, kumene kungabwere chifukwa cha kagonedwe chabe. Akafunsa za ululu, bambo ankayankha kuti akhoza kuvina pomwepo. Dokotala ankalemba kuti palibe chasintha, tonse n'kubalalika osangalala. Panalibe amene anaikapo choyamba pambali pa chomaliza. Ine ndinaziika m'mawa umenewo, rula ili m'manja, koma rulayo sinafunike n'komwe. Pang'onopang'ono ndi mtolo: chitsulo chinali chitatsika pafupifupi kunenepa kwa chala changa chaching'ono. Ndipo chithunzi chomalizacho chinali cha miyezi khumi ndi umodzi yapitayo, wosoka nsapato asanakhome labala wachitatu. Ndinachita mantha, ndinachitanso manyazi, ndipo sindikudziwa chimene chinali chachikulu.

Anafika 9 koloko isanakwane, atavala jekete, chipewa m'manja, maso ali pa wotchi ya pakhoma. Amayi anali atawasiya ndi mayi woyandikana nawo nyumba, atamulangiza kuti angokhala nawo pafupi, asawakhudze.

"Fulumira, mwanawe. Amayi ako 11 koloko amakhala pawindo."

"Vulani buluku, muvale ichi."

Anayang'ana mwinjirowo, kenaka anayang'ana ine.

"Zayamba liti zimenezi?"

"Zinayenera kuyamba kalekale. Lero si ine mwana wanu. Kuseri kwa katani uko."

Anatuluka kuseriko miyendo ili pamtunda, yowonda, yotuwa, masokosi ali m'mapazi, ndipo ndinayamba ndayang'ana kumbali kaye. Kenaka ndinagwira ntchito yanga. Ndinawagoneka, ndinapapasa fupa, iwo maso ali kudenga. Nditagwira phazi la kumanzere n'kuyamba kulipotozera m'kati, anakoka mpweya pakati pa mano n'kugwira m'mphepete mwa tebulo mpaka misempha kutuluka. Sindinasiye. Ndinatsamiza mchenga, ndinathamangira kuseri kwa galasi, ndinadina batani. Ndinabwerera n'kujambulanso china cham'mbali.

Pa ekisire chitsulo chimayera mbuu, fupa limaoneka lotuwa, ndipo zikagwirana bwino pakati pake sipakhala mpata. Chithunzi chitatuluka pa kompyuta, panali mzere wakuda wozungulira mchira wonse wa chitsulocho, wonenepa ngati kamtengo ka machesi. Nsonga yake inali itapendekera n'kutsamira khoma la fupa, ndipo pamalo pomwe inkagogoda bambo akamaponda, fupalo linali litapyapyala ngati chigoba cha dzira. Ndinaganiza za amayi ali m'manja mwawo pa simenti yonyowa ya kubafa.

"Waona chiyani?" anafunsa ali chigonere patebulo.

"Adokotala akuuzani."

Mawu amenewa amatuluka okha. Ife ojambula sitiloledwa kumasulira chithunzi, ndipo ndawanenapo ndikumwetulira kwa anthu amene ndinkadziwa kuti mwezi samaliza.

"Amenewo uziwauza odwala ako. Ine ndakufunsa ngati bambo ako."

"Valani buluku, bambo."

Dokotala wa mafupa, amene ife antchito timamutcha Aphuma chifukwa amakuyankha ali kale pakhomo, tsiku limenelo anakhala pansi. Anayang'ana chithunzi chatsopano, anayang'ana zakale zimene ndinamuyalira, kenaka anandiponyera diso kamodzi kokha, ndipo kanandikwana. Anawafotokozera bambo mofatsa. Chitsulo chamasuka. Ayeza magazi kuti aone ngati m'fupamo mulibe tizilombo, koma mulimonse mmene zikhalire chiyenera kuchotsedwa n'kuikamo china chachitali, fupa lisanathyoke lokha. Likathyoka lokha nkhani yake imakhala ina, ndipo ena sayendanso. Kuyambira tsiku limenelo ayende ndi ndodo ziwiri, asanyamule chilichonse cholemera kuposa ketulo. Ikatha opaleshoni, miyezi itatu osawerama, osanyamula kanthu.

"Nanga munthu?" bambo anafunsa.

"Munthu wanji, bambo?"

"Kunyamula munthu."

"Adzukulu adikire kaye," anatero dokotala akumwetulira, chifukwa za amayi sankazidziwa.

Bambo anathokoza mwaulemu, anavala chipewa, anakana ndodo zimene namwino anawabweretsera, n'kutuluka. Ndinawatsatira mpaka pageti yunifolomu ili m'thupi, ndikulankhula ndi msana wawo, koma pabenchi panali anthu khumi ndi awiri akundidikira, wina mkono uli lende. Ndinawaona akukwera basi, akukweza mwendo pa sitepe ndi dzanja. Nthawi inali itapitirira 11 koloko, ndipo ndinadziwa chimene akukachita akangofika.

Tsiku limenelo anthu ndinawajambula ngati ndikuwapirikitsa. Foni ikalira pa desiki, mtima unkakhala m'mwamba mpaka ndimve kuti ndi a kuwodi akufunsa zawo. Ndinawaimbira bambo katatu, osayankha. Foni yawo imakhala m'thumba la jekete, jekete likakhala pa msomali ndiye kuti kulibe munthu. Masana anabweretsa gogo wina pa machira, ataterereka kubafa. Ndinamujambula, fupa la ntchafu lili pawiri, mwana wake wamkazi ataima pakhomo akungobwereza kuti anangotuluka pang'ono kukagula buledi. Ndinamuyankha mwaukali mayi wosalakwayo, ndipo mnzanga wa ntchito anandifunsa ngati ndalumidwa ndi mavu. Itangokwana 4 koloko ndinasiya makina osapukuta, chinthu chimene ndimakalipira anzanga. Basi inaima pa mzere wa magalimoto, ine ndinatsika n'kumaliza ulendowo wapansi.

Ndinawapeza akutenthetsa madzi osamba. Amayi anali pabedi kuchipinda, atawabwezako kuti apumule, kutanthauza kuti anali atawanyamula kale kawiri chichokereni kuchipatala. Chitseko cha kuchipinda chinali chotsekula, koma ine sindinalabadire. Ndinayamba ndi mawu abwino, ndikulumbira, kungoti sanakhalitse.

"Mwamva zimene anena adokotala?"

"Ndamva. M'makutu mulibe chitsulo."

"Ndiye ndikakulembetseni liti?"

"Usandilembetse. Miyezi itatu? Ukuwadziwa amayi ako iwe? Akagonera mbali imodzi maola awiri, khungu limayamba kutentha. Madzi akawawotcha sanena, amangotsinzina. Akafuna kuchimbudzi amakanda bulangete ndi chala chimodzi. Wobwerayo adzazidziwa bwanji zimenezi? Ndikamadzatuluka m'chipatala chanucho ndidzawapeza ali zilonda zokhazokha."

"Ndisamukira kuno. Nditenga tchuthi."

"Iwe? Wa Loweruka iwe?"

Mawu amenewo anandilasa chifukwa anali oona, ndipo ine ndikalasidwa ndimakweza mawu. Khalidwe limeneli ndinatengera kwa iwo omwewo.

"Chabwino, ndine wa Loweruka. Ndinenso amene ndinakujambulani molakwika zaka zonsezi chifukwa cha ulemu wopusa. Koma lero fupalo ndaliona ndi maso angawa. Latsala ngati pepala. Tsiku lina lidzathyoka muli nawo m'manja, mudzagwa nonse awiri pa simenti ya kubafa, ndipo mutu wa amayi ndi umene udzayambe kufika pansi. Mudzagona pamenepo mpaka Loweruka, kudikira ine."

Anazimitsa chitofu. Sanandikalipire, ndipo zimenezo zinandipweteka kuposa akanandikalipira.

"Tsiku limene amayi ako ankatuluka m'chipatala," anatero, "anthu awiri anawanyamula ngati thumba, chovala chili m'mwamba, khamu likuonerera. Analira njira yonse. Ndinawalonjeza kuti sadzagwidwanso ndi manja a munthu wina ine ndili moyo. Zaka makumi anayi ndi zitatu sindinawanamizepo. Ndiyambe lero chifukwa cha chithunzi?"

Iwo anasakaniza madzi, anawayesa ndi chigongono, anaponya thaulo paphewa n'kulowa kuchipinda akupendekera. Ndinawatsatira mpaka pakhomo la chipindacho n'kuima pomwepo, manja ali m'mbali.

"Tiyeni, mayi, madzi azizira," anatero ndi mawu ofewa amene amasungira iwo okha. Anavundukula bulangete, anawerama, analowetsa mkono pansi pa mapewa awo. Amayi sananyamuke. Dzanja lawo la kumanzere, lamoyolo, linali litagwira chitsulo cha kumutu kwa bedi.

"Siyani bedi, mayi. Ndine."

"Ayi."

Linatuluka lomveka bwino kuposa mmene ndinalimvera zaka zitatu zonsezi. Bambo anaseka pang'ono, poganiza kuti sanamvetse. "Madzi, mayi. Kosamba." Anagwira zala zawo kuti azimasule chimodzichimodzi. Amayi anafinya kwambiri, mkono wonse ukunjenjemera, misozi ikutsikira m'khutu. Amayi sankayang'ana bambo ayi. Ankayang'ana ine, pakhomo paja. Anali atamva zonse za kukhitchini.

"Ayi," anateronso.

Bambo anakhala chiweramire kwa kanthawi. Kenaka anasolola mkono wawo pang'onopang'ono, anawongoka mogwira khoma, n'kubwerera m'mbuyo mpaka kutsamira kabati. Nkhope yawo inali ya munthu amene wangouzidwa kuti ntchito yatha. Ndinawamvera chisoni chimene sindinamverepo munthu, ndipo ndinalakalaka kumeza mawu anga onse aja, ngakhale anali oona.

"Ukuimiranji pamenepo?" anandiuza. "Vula wotchiyo, iwakanda. Bwera mbali ino. Mkono wakufawo uyambe wauika pamimba pawo, usalendewere. Ayi, osati choncho. Pinda maondo, osati msana. Uwauze kaye kuti ukuwanyamula, usawadzidzimutse."

"Amayi, ndikukunyamulani," ndinatero, ndipo ndinachita monga anandiuzira. Nditalowetsa mkono pansi pa mapewa, amayi anasiya chitsulo cha bedi n'kundikoleka dzanja m'khosi. Anali olemera kuposa mmene ndinkaganizira, moti ndinadzandira ndisanafike n'komwe pakhomo. Bambo anatambasula manja onse awiri kuti atiwakhe, kenaka anawabweza okha n'kuwaika kumbuyo.

"Mutu, samala mutu pa chitseko," ankatero akutitsatira. Titafika kubafa iwo anaima panja. Anachotsa thaulo paphewa n'kuliika pa langa, ndipo analankhula, osati kwa ine, koma kwa akazi awo.

"Ndamva, mayi. Ndipita ku opaleshoni."